Ba Njobvu ndi Pepala la Thonje

Ba Amock Njobvu sanatulukepo m'nyuzipepala, ndipo ndikapanda kulemba ine palibe amene adzalembe za iwo. Ine ndine Beatrice. Ndinamaliza sukulu chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yanga ndi kusesa pabwalo, kukaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira, ndi kudikira mayankho a makalata anga ofunsira ntchito amene sabwera. Koma nkhaniyi si yanga. Ndi ya bambo amene tinkalekana nawo ndi mpanda wa nkhadze wokha ku Kabwata, amene nyumba yawo lero mwalowa anthu ena.

Anabadwira ku Katete. Anabwera ku Lusaka ali mnyamata, Ufulu usanabwere, atavala nsapato za mkulu wawo. Anayamba ntchito yotumidwatumidwa pa kampani ina yogulitsa zitsulo za magalimoto kufupi ndi Cairo Road. Masana, amayi achizungu otaipa akapita kukadya, iwo ankakhala pampando wawo kumagogoda makina opanda pepala, kuti zala zizolowere pomwe pali zilembo. Ufulu utabwera amayi aja anapakira n'kupita kwawo, ndipo mpando unasanduka wa ba Njobvu. Anakhalapo mpaka imvi zinamera.

Anakwatira ba Helen, mayi wa ku Luapula wogulitsa matimati pamsika wa Kabwata, amene tonse timawatchula kuti bana Edmond, kutanthauza amake Edmond. Edmond yemweyo ali ku Kitwe, naye akusungidwa ndi achibale. Mlongo wake anakwatiwa ku Kabwe. M'nyumba munatsala awiri okha.

Ba Njobvu sankamwa mowa, sankakonda mpira, kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Chimene chinkawatsegula pakamwa ndi pepala. Ankati mu ofesi yawo munali mapepala amitundumitundu: lotuwa lolemberana okhaokha, lopyapyala loika pansi pa kaboni, ndiye panali pepala la thonje. Limeneli linkachokera kunja, linkakhala m'kabati yokhoma, ndipo linkatuluka pokhapokha bwana akamalembera banki kapena unduna. Asanalikhudze ankayamba asamba m'manja.

"Ukaligwedeza limalira ngati chitenje chatsopano," ankandiuza. "Ukaliyang'anitsa kudzuwa umaona chizindikiro m'kati mwake. Ukalipinda silithyoka. Munthu akangoligwira, asanawerenge liwu ngakhale limodzi, wakhala kale bwino pampando."

Pa pepala limeneli anataipapo makalata osawerengeka. Pansi ankasiya malo oti bwana asainepo, ndipo kumunsi kwenikweni, pakona, ankaika tizilembo tiwiri tating'ono ta dzina lawo, monga amachitira otaipa onse. Dzina lawo lonse silinakhalepo pa pepala la thonje. Izi ndinazimva kangapo osaziganizira.

Kenaka zinthu zinavuta monga mmene nonse mukudziwira. Ndalama zakunja zinasowa, zitsulo zinasiya kubwera, mashelefu a kampani anatsala ndi fumbi. Kampani inatsekedwa chakumapeto kwa 1986. Ba Njobvu anawapatsa taipilaita yawo yakale ngati chowatsanzikira, n'kuwauza kuti nyumba ya ku Kabwata ndi ya kampani, yagulitsidwa, ndipo mvula ikangotha atuluke. Popanda ntchito ina, kotsala kunali ku Katete, kumudzi kumene anapitako komaliza pa maliro a mayi awo, kumene bana Edmond sanakhaleko ngakhale nyengo imodzi ya dzinja.

Ndi nthawi imeneyi pamene ndinayamba kupita kwawo masana kukaphunzira kutaipa. Amayi anati bola zimenezo kusiyana n'kumangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Ba Njobvu ankandimenya pang'ono pa zala ndi pensulo ndikayang'ana pansi.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, mvula itayamba kuchepa, bana Edmond anabwera kuchokera kumsika ndi chidutswa cha nyuzipepala. Bungwe lina la ku Longacres linkafuna kalaliki wodziwa kutaipa, wachikulire ndi wozolowera ntchito, ndipo ntchitoyo inali ndi kanyumba ku Chelstone. Ba Njobvu anawerenga ataimirira. Anawerenganso atakhala pansi. M'munsi munali mawu akuti wofunsira alembe kalata ndi dzanja lake, osataipa, kalatayo ikhale ndi chidindo cha tcheyamani wa Chipani wa m'dera lake, ndipo ifike mwezi usanathe.

"Bafuna imwe chabe aba," anatero bana Edmond. "Beatrice, ng'amba pepala mu buku yako, balembe manje manje."

"Pepala la m'kope?" Ba Njobvu anavula magalasi. "Amake Edmond, mukufuna ndikaoneke ngati mwana wa sukulu wopempha kupita kuchimbudzi?"

"Bashi Edmond, bafuna munthu, sibafuna pepala."

"Inu mumadziwa matimati. Kodi tomato wabwino mumamuika pansi pa mulu kapena pamwamba?"

"Pamwamba. Koma ngati nilibe mbale, nigulisila pa saka. Sinibwelela ku nyumba."

Ine ndinaseka. Ba Njobvu sanaseke. Anati makalata adzafika mazanamazana, onse pa mapepala a m'kope, ndipo munthu wa imvi ngati iwo ali ndi njira imodzi yokha yoti kalata yake itoledwe pa mulu. Mawa lake anavala jekete n'kuyamba kusaka pepala la thonje.

Ndinapita nawo tsiku loyamba. Tinayenda Cairo Road kuchokera uku mpaka uko, tinalowa m'misewu ya kumbuyo kwake. M'sitolo zogulitsa za m'maofesi munali marula, choko ndi makalendala a chaka chatha. Mtsikana wina anatiyang'ana ngati tafunsa nyama ya njovu. Mnyamata wina anati, "Ba mudala, pepala ya thonje? Ngakhale ya mu toileti kulibe, imwe mufuna ya thonje." Ba Njobvu anamuthokoza mwaulemu, tinatuluka.

Anapita okha ku Kabulonga, kunyumba ya bwana wawo womaliza. Mlonda anawauza kudzera pa kabowo ka pageti kuti bwana ali kunja kwa dziko. Anapita ku Woodlands kwa mnzawo amene ankataipa naye kale, anamupeza akugulitsa makala. Pomaliza munthu wina anawalozera ku Emmasdale, kwa mmwenye wina wokalamba amene kale ankasindikiza makhadi a ukwati. Mkuluyo anali ndi mapepala otsala m'bokosi pansi pa bedi. Sanafune kugulitsa. Anagwirizana kuti ba Njobvu amutaipire makalata a kumsonkho amene anaunjikana, iye awapatse mapepala atatu. Anayenda wapansi kupita ku Emmasdale ndi taipilaita paphewa, mpaka ntchitoyo inatha.

Tsiku limene anabwera nawo anandiitana pampanda. Anali atawaika pakati pa makatoni awiri, atamanga ndi ulusi. Anasamba m'manja, anandiuza kuti nanenso ndisambe. Ndinaligwira. Sindinama, linali lokoma kukhudza, lolimba koma lofewa, loyera mosathobwa m'maso. Ndinalikweza kudzuwa ndipo chizindikiro chija chinaonekeradi. Nanenso ndinalakalaka nditakhala nalo limodzi, ndilembepo dzina langa, wina mu ofesi akhale bwino pampando chifukwa cha ine.

Anayamba kuyeserera pa mapepala a m'kope langa la Jogalafe. Dzanja lawo linali la kumishoni, zilembo zopendekeka bwino, zolumikizana ngati mkanda. Analemba kalata yonse kangapo mpaka mawu anakhala m'malo mwake. Yomaliza inali yosalakwika paliponse. Ngakhale bana Edmond anaiyang'ana n'kunena kuti, "Iyi yeve ni kalata."

Kenaka anayala nsalu yoyera patebulo, anaikapo pepala la thonje, anatsegula cholembera cha inki. Ndinali nditakhala pa mpando wa pakhomo. Ndinaona nsonga ya cholembera ikuyandikira pepala, n'kuima m'malere. Dzanja linayamba kunjenjemera. Analibweza, analipukuta pa thalauza, anayesanso. Adiresi inatuluka yokhotakhota ngati yalembedwa m'basi. Pa mzere wachitatu inki inadontha.

Anatenga pepala la m'kope n'kulembapo mzere womwewo. Unatuluka wowongoka bwinobwino.

"Dzanja ili lapenga," anatero, akuliyang'ana ngati la munthu wina.

Pepala lachiwiri analiyesa m'mawa mwake, atapemphera. Anayenda nalo bwino ndithu, pang'onopang'ono, akupuma pa mzere uliwonse. Anafika mpaka pansi, pamalo paja ankasiyira bwana. Apo dzanja linakana. Chilembo choyamba cha dzina lawo chinatuluka chachikulu, chachiwiri chinakwera pamwamba pa chinzake, nsonga inakanda pepala n'kuwaza timadontho.

"Apa pankasaina azungu," ananena motsitsa mawu. "Kenako a Mpundu, kenako a Mukuka. Ine ndinkangosiyapo malo."

Ndinawauza kuti ndilembe ine, poti kusukulu ankandiyamikira dzanja. Anakana. Anati akakaitanidwa adzawapatsa cholembera pomwepo, ndipo bodza lidzaonekera. Bana Edmond anati atumize ya m'kope ija basi, masiku akupita. Ba Njobvu anayankha kuti latsala limodzi.

Pepala lachitatulo analisunga masiku angapo osalikhudza. Ankangolemba dzina lawo pa chilichonse: pa nyuzipepala, pa katoni ya sopo, pansi ndi kamtengo. Loweruka lina m'mawa, bana Edmond ali kumsika, anatseka chitseko. Ine ndinali kuseri kwa nkhadze ndikuchapa, khutu lili konko. Dzuwa litafika pamutu anatsegula, malaya atanyowa ndi thukuta kumsana, akumwetulira ngati mwana.

"Beatrice! Samba m'manja, bwera udzaone."

Inali kalata yokongola kuposa iliyonse imene ndinaionapo. Pansi pake panali Amock Njobvu, dzina lonse, lowongoka. Chinatsala ndi chidindo chokha.

Tcheyamani wa dera lathu ndi ba Chibesa, bambo wonenepa wansangala amene amasoka nsapato pakhonde la nyumba yake. Si munthu woipa. Tinapita madzulo a tsiku lomwelo. Ba Njobvu anaika kalata ya thonje pakati pa mapepala a m'kope aja kuti isade, pamwamba pake pali ija yoyeserera yomaliza.

"Ba Njobvu, muli shani? Bwelani, nkhalani. Na iwe ka Beatrice, ukali kulya za ba noko?" Anaseka yekha. "Khadi ya Chipani ilipo?"

Khadi linalipo. Ba Chibesa anapukuta manja pa epuloni, anatulutsa chidindo ndi kabokosi kake ka inki m'chitini cha mabisiketi. Kansalu ka m'kabokosiko kanali kouma gwa. Anaitana mwana wawo kuti abweretse botolo.

"Inki inasila kudala," anatifotokozera. "Manje tisebenzesa jivi ya ku kiliniki. Kala ni imozi."

Anali mankhwala apepo aja opaka pa zilonda. Anathira mowolowa manja mpaka kansalu kanasambira. Ba Njobvu anadzuka theka pampando.

"A Tcheyamani, mwina tiyambe tayesa pa pepala lina."

"Iyai, ine nadinda makalata kuchokela muli na sisi yakuda. Leta."

Anaviika chidindo, anachiika pansi pa kalata pafupi ndi dzina, n'kuchitsamira ndi thupi lonse, akuchigwedeza uku ndi uku kuti chigwire bwino. Atachinyamula panali chithaphwi. Madzi apepo anayenderera kulowera ku dzina. Ba Chibesa, pofuna kuthandiza, anapukuta ndi chala chachikulu. Dzina lonse linapita, pamodzi ndi mizere ya pamwamba pake.

"Yaba! Pepala yanu ikumwa monga chakolwa wa pa tavani," anatero akuseka, koma ataona nkhope ya ba Njobvu kuseka kunazima. "Pepani, mudala. Pepani maningi. Nanga iyi?" Anatola ya m'kope ija. "Si imozi na imozi? Iyi ili che bwino."

Chidindo chinali chitataya madzi ake ambiri. Pa pepala la m'kope chinatuluka chooneka bwino, chilembo chilichonse chikuwerengeka. Ba Njobvu anathokoza, anapinda manja, tinabwerera. Kalata yothimbirira ija anainyamula m'manja awiri ngati mbalame yovulala.

Tsono apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Kalata inalipo. Yolembedwa ndi dzanja lawo, yosalakwika, yodindidwa, ndipo mwezi unali usanathe. Kuchokera ku Kabwata kupita ku Longacres munthu amayenda wapansi. Bana Edmond anawagwadira, ine ndikuona.

"Bashi Edmond, napapata. Pelekani iyi. Ine ku Katete nizakamba na ndani? Nizalima na manja yati?"

"Mawa ndipita ku Emmasdale. Mkulu uja ali nawo ena."

"Na ba Chibesa bazathila futi jivi!"

"Ndidzagula inki yanga."

"Kuti? Muzaigula kuti?"

Kalata ya m'kope ba Njobvu anaiika m'thumba la m'kati la jekete, ndipo jeketelo sankalivula. Bana Edmond anandinong'oneza kuti ndikaipeza ndithamange nayo ndekha ku Longacres. Ndinayesa. Ndinkapita kukataipa maso ali pa msomali wa kuseri kwa chitseko, koma jekete silinapachikidwepo. Ndinawauza amayi, amayi anawauza atate, atate anapita kukacheza nawo pansi pa mtengo wa mapeyala, anabwerako akupukusa mutu. Nanenso ndinalankhula, ngakhale si malo a mwana. Ndinati, "Ba Njobvu, ine makalata anga onse ndimalemba pa pepala la m'kope." Anandiyang'ana mwachifundo n'kufunsa kuti, "Ndiye akuyankha angati, mwanawe?"

Ku Emmasdale anapeza mkulu uja ali m'chipatala, ana ake sankadziwa za bokosi lililonse. Anabwererako kawiri. Anapitanso ku Kabulonga, mlonda yemweyo, kabowo komweko. Mwezi unatha ali m'misewu.

M'masiku oyamba a Epulo anadzuka m'mawa, anapolisha nsapato, anaika kalata ya m'kope mu envulopu, n'kupita ku Longacres osauza munthu. Anabwera masana envulopu ili m'manja. Anati pa tebulo lolandirira alendo panali mtsikana wa msinkhu wanga, waulemu ndithu. Anawauza kuti makalata anatengedwa kale kupita m'kati, mayina a oitanidwa aikidwa pakhoma, ndipo sangalandirenso ina. Anawapatsa madzi akumwa.

"Makalatawo anali mu chiyani?" ndinafunsa, sindidziwa chifukwa chake.

"M'katoni ya sopo," anatero. "Yodzaza. Ndinaiona chitseko cha m'kati chitatseguka."

Mpaka lero sindidziwa ngati kalata ya m'kope ikanatoledwa m'katoni imeneyo. Mwina ikanamira ngati anga. Mwina wina akanaona dzanja lija n'kuima. Sindidziwanso ngati ya thonje ikanathandiza. Ndimaganiza za zimenezi ndikamasesa, ndipo sindifika pamapeto.

Mvula inatha. Anabwera bambo wina wa ku njanji ndi mkazi wake kudzayeza mawindo, ba Njobvu akadali m'nyumba. Bana Edmond anagawa mbale zina, anapereka malo awo a pamsika kwa mnzawo, ndipo masiku omalizawo sankalankhula ndi mwamuna wawo koma kudzera mwa ine. "Bauze ba tate bako aba bamange matilesi." Ba Njobvu ankamanga.

Tinawaperekeza kokwerera mabasi a ku Chipata. Katundu anakwezedwa padenga, koma taipilaita anakana kuti ikwere kumeneko. Anakhala nayo pamiyendo, ataikulunga m'nsalu yoyera ija ya patebulo. Bana Edmond anakhala pambali pawo m'basimo, kumbali ya kanjira kapakati, chitenje chili kumaso. Atate anayesa kuseketsa, anati ku Katete adzakhala mlembi wa mudzi wonse, anthu adzafola pakhomo. Ba Njobvu anavomera ndi mutu.

Basi italiza injini anandikodola pawindo. Ndinathamangira, ndikuganiza kuti andiuza mawu oti ndisunge moyo wanga wonse.

"Beatrice, uzipitako ku Emmasdale. Mkulu uja akatuluka m'chipatala, umufunse ngati atsala. Ngakhale limodzi. Ntchito zimatuluka m'nyuzipepala nthawi zonse."

Ndinati ndidzapita. Ndapitako kale kawiri. Ulendo woyamba geti linali lotseka. Ulendo wachiwiri ndinapeza mwana wa mkulu uja akutsuka galimoto, ndipo anandiuza kuti bambo ake anamwalira, zinthu za pansi pa bedi anazitentha. Ba Njobvu sindinawalembere. Ndikakhala pansi kuti ndiwauze, ndimang'amba pepala m'kope, ndimaliyang'ana, ndipo ndimaganiza za mmene adzaligwirire likafika.